Chipsepse pansi pa thabwa, mikono m'mbali mwa bwato: kodi tilisinthe?

Amene adafikapo ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear m'nyengo ya mwera mwina adaonapo munthu ataimirira pa thabwa loyandama, manja atagwira thanga, mphepo ikumuthamangitsa pamwamba pa mafunde. Masewera amenewa dzina lake ndi windsurfing. Oonerera pamtunda amatengeka ndi thanga lamawangamawanga lija, koma eni masewerawo akakhala pansi amatsutsana za chinthu chobisika m'madzi: kachipangizo kolimba konga chipsepse cha nsomba, komangidwa kunsi kwa thabwa chakumbuyo. Wina amachotsa chipsepse chimene adagulira limodzi ndi thabwa n'kuikapo chachitali. Wina amachisendeza kutsogolo pang'ono. Wina amafika pobowola thabwa lake kuti pakhale zipsepse zitatu m'malo mwa chimodzi. Ndiye pali gulu lina limene limati konseku n'kuononga chabe: amene adapanga thabwalo adaliyesa mokwanira, lisiyeni momwe lilili.

Kuno ku Chitedze kulibe nyanja, ndipo mathabwa amenewa sitiwagula. Koma mkanganowu ndi wathu, ndipo kwa ife si wa masewera. Mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale, mtsinje wa Namitete umadzaza, Bua amasefukira m'madambo, ndipo anthu a m'midzi ina ya m'mphepete mwake amadalira bwato kuti akafike kuchigayo, kumsika, kuchipatala ndi kumaliro. Mu Epulo 2023 bwato lonyamula anthu oposa 20 opita kumaliro lidatembenuzika pa mtsinje wa Rusa m'boma la Mchinji, mtsinje umene umathira m'Bua momwemu, ndipo ambiri mwa iwo sadabwerere kwawo. Opita kukalira anzawo adasanduka olilidwa. Chichitikireni ngoziyo, funso limodzi silichoka m'mutu mwanga: kodi bwato lathu, thunthu la mtengo umodzi losemedwa ndi nkhwangwa ndi kasemasema, tiliwonjezere china chake kuti lisamatembenuzike, kapena tilisiye monga adatisiyira makolo?

Tisanamve mbali ziwirizo, ndi bwino tidziwe kaye ntchito ya chipsepse chija, pakuti ambiri amaiganizira molakwika. Mphepo ikakankha thanga kuchokera m'mbali, thabwa limafuna kutsetsereka cham'mbali ngati mbale yoyandama. Chipsepse ndicho chimakana. Chimadula madzi, madziwo n'kuchikankha mobwezera, ndipo mphamvu imene ikadatayika m'mbali imasanduka liwiro lopita kutsogolo. Mphamvu ya chipsepseyi imadalira liwiro: thabwa likathamanga kuwirikiza kawiri, chipsepse chimagwira madzi kuwirikiza kanayi. N'chifukwa chake thanga lalikulu pa mphepo yochepa limafuna chipsepse chachitali, mpaka masentimita 70 pa mathabwa ena otambalala a mipikisano, pamene wosewera pa mafunde aakulu amakhutira ndi cha masentimita 20 kapena kucheperapo. Chikachepa kwambiri, mpweya umalowa m'mbali mwake, chimataya madzi mwadzidzidzi, kumbuyo kwa thabwa n'kuterereka. Chikatalika kwambiri pa mphepo yamkuntho, chimanyamula thabwa mbali imodzi mpaka munthu kulephera kuliweta. Chikasendezedwa kutsogolo thabwa limakhota msanga, chikabwerera kumbuyo limayenda mowongoka koma limauma pokhota. Kumalo a udzu wa m'madzi amaika chipsepse chopendekera kumbuyo kuti udzu uzipulumuka, ngakhale kuti chotero sichikwera bwino molimbana ndi mphepo. Palibe chimene wosewera amapeza popanda kutaya china. Walira mvula walira matope.

Mbali yoyamba, ya ofuna kusintha, imayamba ndi mbiri. Chipsepsecho sichidabadwire m'fakitale. M'chaka cha 1935, ku Hawaii, Tom Blake adazula kachitsulo kunsi kwa boti lakale lotayidwa n'kukamangirira pansi pa thabwa lake losewerera pa mafunde, ndipo thabwa limene kale ankaliwongolera pomiza phazi m'madzi lidayamba kumvera. M'chaka cha 1980 Simon Anderson wa ku Australia adaika zipsepse zitatu, chaka chotsatira n'kupambana nazo mipikisano ikuluikulu, ndipo lero kaikidwe kameneko kali paliponse. Thabwa la thanga lenilenilo lidachokera kwa anthu awiri a ku California, Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 adalumikiza mlongoti ku thabwa ndi mfundo yozungulira mbali zonse. Pofika 1984 masewerawa adalowa m'mipikisano ya Olympics ku Los Angeles. Anthu onsewa adali ogwiritsa ntchito chipangizo amene sadakhutire nacho. Akadamvera mawu akuti "chisiyeni momwe chilili", palibe chikadachitika.

Ndipo ife Amalawi kusintha chipangizo si chachilendo kwa ife, amatero a mbali iyi. Njinga ya kabaza imene imanyamula munthu ndi thumba la chimanga pa Nsundwe kapena pa Mpingu sidatuluke choncho m'sitolo. Wowotcherera adaiikira kaliyala yolimba, mwini wake adasintha masipoko, adaika khushoni ndi zopondera. Palibe adati kutero n'kunyoza amene adaipanga. Nanga bwato lokha lidalakwanji kuti likhale chimodzimodzi zaka mazanamazana?

Mfundo yawo yolemera kwambiri, imene ine ndimaiona kuti njovuta kuiyankha, ndi yakuti bwato la lero si la makolo lija ayi. Makolo ankasema bwato kuchokera ku mbawa ndi mitengo ina ikuluikulu ya m'mphepete mwa mitsinje, thunthu loti anthu awiri sangalizungulire ndi manja. Bwato lotuluka m'mtengo wotero limakhala lotambalala, lolemera pansi, lokhazikika. Mitengo imeneyo idatha. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, idadyedwa ndi makala mpaka boma lidatumizako asilikali mu 2015 kuti akaiteteze. Wosema wa lero amagwetsa mango kapena mtengo wina uliwonse umene waupeza, ndipo bwato limatuluka lopyapyala, nthawi zina lokhota, losachedwa kuwola. Pamene bwato lachepa, okwera achuluka, ndipo ali ndi katundu amene agogo athu sadamudziwe: njinga, matumba a feteleza, ngakhale njinga yamoto. Kunena kuti "makolo ankawoloka bwino" n'kuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana. Tsabola wakale sawawa.

Chimene amapempha si chodabwitsa. M'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Tanzania, ku Zanzibar ndi ku Bagamoyo, asodzi amayenda m'mabwato a mtengo umodzi ngati athu omwewa, koma okhala ndi mikono: mitengo iwiri yopingasa pamwamba pa bwato, yonyamula thabwa loyandama mbali iyi ndi mbali inayo. Ndi mikono imeneyo amakweza thanga n'kulowa m'nyanja yaikulu. Pa nyanja yathu yomwe, mpikisano wa maboti a matanga umene udayamba mu 1984, woyenda mtunda woposa makilomita 500 kuchokera kummwera kupita kumpoto m'nyengo ya mwera, umachitika kwambiri ndi maboti a matupi awiri olumikizidwa, chifukwa chinthu chotambalala sichitembenuzika wamba. Pa Bua sipafunika zodula. Chigubu chotseka bwino cha malita 20 chimatha kuyandamitsa kulemera kwa pafupifupi makilogalamu 20. Zigubu zisanu mbali iyi, zisanu mbali inayo, zomangidwa pa milimo ya bulugamu yotalika mita imodzi ndi theka kuchokera pa bwato, zingaletse kupendekeka kumene kumayamba mayi mmodzi akadzidzimuka n'kuimirira. Ndipo ngakhale bwato litadzaza madzi, anthu angakhale ndi pogwira. Mtengo wa zonsezi sufika pa mtengo wa bokosi limodzi la maliro.

Apa mbali yachiwiri imadzuka, ndipo si anthu oumirira zakale chabe monga ena amawaganizira. Ambiri mwa iwo ndi amene agwira nkhafi moyo wawo wonse.

Choyamba amakana chipsepse chenichenicho. Amene amaganiza zokhomera thabwa kunsi kwa bwato kuti "likhazikike" sadamvetse ntchito ya chipsepse. Chipsepse sichiletsa kutembenuzika, chimaletsa kutsetsereka cham'mbali, ndipo chimatero pokhapokha chinthu chikuthamanga. Bwato lopalasidwa ndi manja limayenda ngati munthu woyenda pansi, liwiro losakwanira kuti chipsepse chaching'ono chigwire kanthu. Choopsa n'chakuti powoloka mtsinje madzi amabwera cham'mbali. Chilichonse cholendewera pansi pa bwato chimapatsa madziwo pogwira, ndipo chikakola chitsa kapena muzu wobisika, bwato limaima mwadzidzidzi pansi pamene pamwamba pakupitabe. Kumeneko ndiye kugwetsa anthu. Pansi posalala pa bwato, pamene wosadziwa amapaona ngati kuperewera, ndi pamene pamalilola kudutsa pa bango, pa mchenga wosaya ndi pa matope, n'kukokeredwa kumtunda ndi anthu awiri okha. Ngakhale mathabwa a ophunzira windsurfing ali ndi chipsepse chapakati chobwezeka m'kati, kuti pofika posaya chichotsedwe.

Ndipo bwato lili nacho kale chipsepse chake, amatero iwo: nkhafi. Wopalasa wokhala kumbuyo amaimiza mozama akafuna kuwongola, amaipendeketsa akafuna kukhota, amaigoneka pamwamba pa madzi bwato likayamba kupendekeka, ndipo amaitulutsa m'kuphethira kwa diso akaona chitsa. Ndi tsigiro, ndi chopalasira, ndi chochirikizira, zonse m'dzanja limodzi. Palibe chipangizo chokhomedwa ndi misomali chingachite zimenezo.

Za mikono ndi zigubu, mayankho awo ndi ambiri, ndipo ena ndi akuthwa. Madooko a pa Bua ambiri ndi tinjira topanikiza todulidwa m'bango, mmene bwato la mikono ya mamita atatu kapena anayi kutambalala kwake silingadutse. Madzi osefukira amanyamula nthambi, mapesi ndi zinyalala, ndipo zonsezi zimakodwa pa mkono wa kumtunda kwa madzi n'kulizunguza bwato. Kumalo kumene kuli namasupuni, monga pa Shire, vutoli limakula. Chingwe cha mlaza kapena lamba wa tayala womangira milimo amatha ndi madzi ndi dzuwa, pulasitiki ya chigubu imauma n'kung'aluka, ndipo chigubu chobooka chimasanduka mwala wolendewera mbali imodzi. Bwato lopanda mikono, wopalasa amalidziwa khalidwe lake ndipo thupi lake limalichirikiza osaganiza n'komwe. Bwato limene mkono wake wathyoka pakati pa mtsinje ndi chilombo chimene palibe adachiwetapo.

Asodzi a kunyanja amawonjezera zawo. Bwato la pa nyanja ya Malawi lili ndi milomo yopindikira m'kati, kukamwa kwake kopanikiza, kuti mafunde a mwera asalowemo. Limeneli si bwato losemedwa mwaumbuli, koma losemedwa ndi anthu amene adaiphunzira nyanja yawo. Pa usodzi wa chilimira, siginala amakhala m'bwato lake ndi nyali kukopa usipa, kenako amayenera kudutsa pamwamba pa khoka pamene anzake akulikoka. Muikeni mikono ndi zigubu, mwamupatsa zokolera khoka. Asodzi a kuno adaonapo majahazi a matanga a amalonda achiswahili pa dooko la Nkhotakota kalekale m'zaka za m'ma 1800. Sadali akhungu. Ngati sadaike mikono pa mabwato awo, mwina n'chifukwa ntchito yawo sinkaifuna.

Koma mfundo imene imandikhudza kwambiri kuchokera kumbali iyi si ya mitengo kapena zingwe. Ndi ya mtima wa munthu. Wopalasa wa pa dooko angakufunseni kuti, "Achimwene, lero ndikakana munthu wachisanu ndi chinayi, amamva chifukwa akuona yekha kuti madzi afika pa mlomo wa bwato. Mawa mukandiikira zigubu, ndidzamukana bwanji?" Funso limeneli lilibe yankho lapafupi. Bwato looneka lokhazikika limachotsa mantha, ndipo manthawo ndi amene akhala akuteteza anthu. Pa tsiku la maliro aliyense amafuna kuwoloka ulendo woyamba, mfumu ili pomwepo, apongozi ali pomwepo, ndipo mnyamata wopalasa alibe mphamvu zobweza akuluakulu. Zigubu khumi zimawonjezera makilogalamu 200 okha, anthu atatu kapena anayi. Zikapangitsa kuti akwere asanu ndi mmodzi owonjezera, ndiye kuti taika msampha. Bwato la pa Rusa lija, chilichonse chimene chidachitika pakati pa madzi, lidali ndi anthu oposa 20.

Amakumbutsanso kuti ngakhale m'masewera aja si ponse pamene kusintha kumaloledwa. Pa Olympics opikisana onse amagwiritsa ntchito mtundu umodzi wa thabwa, RS:X kuyambira 2008 ndipo iQFoil mu 2024, ndipo wopezeka atasema chipsepse chake mosemphana ndi malamulo amachotsedwa. Kuposa apo, wosewera amene amasintha chipsepse amaika pachiswe thupi lake lokha. Amadziwa kusambira, kawirikawiri amakhala pafupi ndi gombe, ndipo akagwa amakwera n'kuyambiranso. Mayi wa mwana kumsana amene wakwera bwato pa Bua sadasankhe kuti akhale choyeserapo nzeru za munthu wina.

Potsiriza amati nkhani yonseyi ikusocheretsa anthu. Chofunika pa madooko amenewa ndi milatho, majekete oyandamitsa, ndi lamulo la chiwerengero cha okwera. Mu Meyi 2023, patangopita mwezi chichitikire za ku Rusa, mvuu idagunda bwato lodzaza anthu pa Shire m'boma la Nsanje, ndipo ambiri adamira. Kodi mikono ikadaletsa mvuu? Tikayamba kukongoletsa bwato, akuluakulu a boma adzati vuto latha, mlatho n'kuiwalika.

Ndazimva mbali zonse ziwiri, ndipo sindikuona kuti zikulemera mofanana pa mfundo iliyonse. Pa za chipsepse pansi pa bwato, opalasa akunena zoona, ndipo nkhaniyo ithere pomwepo. Pa za bwato la msodzi wa kunyanja, akunenanso zoona: ndi chida cha munthu mmodzi kapena awiri odziwa madzi, chogwirizana ndi khoka lake, ndipo akafuna chachikulu njira ilipo kale, boti la matabwa longa amene amakhomedwa ku Mpwepwe ku Mangochi. Koma bwato lowolotsa anthu ndi chinthu china. Mawu a akulu amakoma akagonera, inde, koma akuluwo adasemera bwato msodzi ndi mlenje, osati gulu la amayi a mpingo kapena ana a sukulu. Ife tidalisandutsa basi popanda kulisintha kanthu. Pamenepa ndili kumbali ya osintha, ndipo sindikuchita manyazi kutero.

Mfundo yakuti tidikire mlatho imandipweteka, chifukwa ndi yoona koma siwolotsa munthu chaka chino. Bua ndi wautali, madooko ake ndi ambiri, ndipo si onse adzaone simenti m'moyo wathu uno. Kupempha mlatho ndi kukonza bwato sizilimbana. Mudzi ungathe kuchita zonse ziwiri, monga momwe umakumbira chitsime uku ukupempha mjigo. Za mvuu, n'zoona kuti palibe mkono ungailetse, koma funso ndi lakuti anthu akagwera m'madzi apeza chogwira kapena ayi. Bwato la mtengo wolemera, lonyowa zaka zambiri, likadzaza madzi limatsala pang'ono kumira, ndipo ndi loterera, lozungulira munthu akaligwira. Zoyandamitsa zomangidwa bwino zimapatsa munthu mphindi zoti thandizo lifike.

Chimene osintha ayenera kuphunzira kwa anthu a thabwa la thanga si chipsepse chawo koma kachitidwe kawo. Wosewera wanzeru sasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Amasintha chipsepse chokha, thanga likhale lomwelo, n'kulowa m'madzi a mphepo yomweyo kuti adziwe chimene chasintha ndi chimene wataya. Ife a ku Chitedze kachitidwe kameneka si kachilendo. Malo a kafukufuku wa zaulimi amene ali pano kuyambira 1948 satulutsa mbewu chifukwa choti wina waiganizira bwino. Mtedza wa CG7 usadafike kwa alimi mu 1990 udabzalidwa m'timinda toyesera nyengo zingapo, moyandikana ndi Chalimbana, zokolola zikuyezedwa pa sikelo. Pamalo pomwepa pali gawo loona za zipangizo zaulimi, limene ntchito yake ndi kuyesa makasu a ng'ombe ndi zida zina zisanapite kumidzi. Ngati timachita zimenezi ndi mtedza ndi pulawo, tingalephere bwanji kuchita ndi chinthu chonyamula miyoyo?

Poyesera palinso. Madamu a Kamuzu ku Malingunde, pa mtsinje wa Lilongwe, ali ndi madzi odekha, ndipo kumeneko kuli Lilongwe Sailing Club, anthu odziwa za maboti ndi kuyandama. Madziwo ndi akumwa a mzinda, choncho chilolezo cha Lilongwe Water Board chingafunike. Ku Namitete Technical College kuli aphunzitsi ndi ophunzira a ukalipentala amene angapange mfundo zolimba kuposa lamba wa tayala. Dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi, imene imagwira ntchito pansi pa lamulo la 1995, ili ndi akatswiri oyeza maboti. Bwato lenileni la pa Bua litengedwe, lidzazidwe ndi matumba a mchenga m'malo mwa anthu, thumba lililonse makilogalamu 50, lipendeketsedwe dala, chigubu chimodzi chibooledwe dala, mkono umodzi umasulidwe dala, kuti tione chimachitika n'chiyani. Pambuyo pake liyesedwe pa madzi oyenda, ndi matumba omwewo. Ndipo woyamba kufunsidwa pa zonsezi akhale wopalasa, chifukwa ndiye adzanene ngati chinthucho chingadutse pa dooko lake.

Mwina kuyesako kudzaonetsa kuti mikono iwiri njosayenera pa mtsinje wa bango, ndipo mkono umodzi wa kumunsi kwa madzi ndi wokwanira. Mwina kudzaonetsa kuti njira yabwino ndi kulumikiza mabwato awiri ndi matabwa, kuti pakhale pokhazika njinga ndi matumba pakati, ngakhale kuti kutero kumadya mitengo iwiri pamene umodzi womwe ukusowa. Mwina zoyandamitsa ziyenera kumangidwa mogundana ndi thupi la bwato, kuti kutambalala kusachuluke. Pa madooko ena yankho lingakhale losakhudza bwato n'komwe: chingwe cholimba chomangidwa tsidya ndi tsidya, bwato n'kumayenda motsatira chingwecho kuti madzi asalikokolole, ngakhale nachonso chimafuna luso lake madzi akakwiya. Sindikuumirira njira imodzi. Ndikuumirira kuti kusadziwa kwathu kuthe ndi matumba a mchenga, osati ndi anthu.

Latsala funso la wopalasa lija, lakuti adzamukana bwanji munthu wowonjezera. Limeneli silingayankhidwe ndi kalipentala. Bwato lililonse loyesedwa lilembedwe mzere wa penti m'mbali mwake, wooneka kwa aliyense, ndi nambala ya okwera pamphumi pake. Mzere ukamira, wina atsike. Koma penti payokha siletsa munthu wothamangira maliro. Mphamvu yokana iyenera kuchoka pa mapewa a mnyamata wopalasa n'kupita kwa nyakwawa ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi, kuti akakana azikana m'dzina la mudzi wonse, ndipo wokakamira akayankhe kubwalo. Mafumu athu adakwanitsa kukhazikitsa malamulo a m'midzi pa za kuchilira kuchipatala ndi maukwati a ana, ndi chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi. Angathenso pa dooko. Pa tsiku la maliro kapena la msika, pamene chiopsezo chimakula, adzukulu kapena anyamata a komiti aime pa dooko kuwerenga okwera, ndipo mwambo wa maliro udikire ulendo wachitatu ndi wachinayi wa bwato.

Palinso nkhani ya ndalama, imene mbali zonse ziwiri zimakonda kuilambalala. Wopalasa amalandira pa mutu uliwonse, ndiye ulendo wa anthu ochepa ndi phindu lochepa pa thukuta lomwelo. Tikamuuza kuti anyamule theka la anthu amene amanyamula lero, komanso kuti azigula zingwe ndi zigubu zatsopano chaka ndi chaka, tiyenera kuvomera kuti mtengo wowolokera ukwere pang'ono, kapena kuti mudzi uzisonkha zokonzera bwato mvula isanayambe, mu Okutobala, nthawi yomwe timafolera nyumba. Popanda zimenezo, zigubu zidzatha ndi dzuwa chaka choyamba, palibe adzazibwezeretse, ndipo nambala ya pamphumi pa bwato idzafufutika pamodzi ndi penti yake.